Mpira Ukuchoka pa Dishi Kupita pa Foni? Mafunso ndi Mayankho kwa Ochemerera a ku Mulanje

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamvekamveka pakati pa okonda mpira kuno ku Mulanje, makamaka eni mavidiyo sho a pa Chitakale, pa Limbuli, pa Nkando ndi pa Chisitu, komanso achinyamata omwe adayamba kale kuonera magemu pa foni. Nkhani yake ndi ya ufulu woonetsa mpira: ali nawo ndani, amaugula ndalama zingati, ndipo chidzasinthe n'chiyani maligi akayamba kugulitsa okha magemu kwa ochemerera kudzera pa intaneti. Pomwe ndapereka maganizo anga ndanena poyera kuti ndi anga.

Kodi ufulu woonetsa mpira n'chiyani, poti mpira umaseweredwa anthu akuona?

Gemu ikamaseweredwa m'bwalo lotchingidwa ndi mpanda, mwini mpikisano ndiye amanena yemwe alowe ndi kamera ndi komwe zithunzizo zipite. Mphamvu imeneyi ndi yomwe imagulitsidwa. Ligi imaitana makampani a wailesi zakanema kuti apikisane pa mtengo, monga momwe ogula amapikisirana pa okushoni ya tiyi ku Limbe, ndipo wopambana amasainirana nayo mgwirizano wa zaka zingapo, kawirikawiri zitatu kapena zinayi.

Ufuluwu sugulitsidwa wathunthu ngati nkhuku yamoyo. Umadulidwa m'magawo ngati nyama ya ng'ombe pa butchala. Pali gawo la dziko kapena chigawo cha mayiko, gawo la chiyankhulo, gawo loonetsa gemu pomwe ikuseweredwa, gawo loonetsa zigoli zokha gemu itatha, ndi gawo la wailesi ya mawu. Kampani ina ikhoza kugula ufulu woonetsa m'Chingerezi kumwera kwa chipululu cha Sahara, ina n'kugula woonetsa m'Chifalansa m'mayiko ena a m'dera lomwelo. Ichi ndicho chifukwa chake Premier League ya ku England timaionera pa SuperSport, pomwe eni ake ku England amaionera pa Sky Sports ndi TNT Sports.

Ndalama zake zimakhala zochuluka bwanji?

Premier League itayamba mu 1992, mgwirizano wake woyamba wa zaka zisanu, momwe Sky idatenga magemu oonetsedwa pomwe akuseweredwa, udali wa mapaundi 304 miliyoni. Mu Disembala 2023 ligi yomweyo idalengeza mgwirizano wa mapaundi 6.7 biliyoni wa zaka zinayi kuyambira mu 2025, ndipo izi ndi za msika wa ku Britain wokha. Chiwerengerochi chimazunguza mutu, koma wochiyang'anitsitsa aona kuti ndalama za pa chaka sizidasunthe kwenikweni poyerekeza ndi mgwirizano wam'mbuyo, chikhalirecho magemu oonetsedwa adakwera kuchoka pa 200 kufika pafupifupi 270 pa sizoni. Ndiye kuti gemu imodzi idatsika mtengo.

Komwe kukukwera ndi kunja. Kuyambira mu 2022, ndalama zomwe Premier League imapeza m'mayiko ena zidaposa zomwe imapeza kwawo, ndipo m'mayiko ena amenewo tilimo ndi ife. Mnyamata wa kabaza akalipira pakhomo pa vidiyo sho kuti aonere Arsenal, kachigawo ka ndalama yakeyo kamadutsa kwa mwini sho, kwa kampani ya dikoda, mpaka kukafika ku London. Kumeneko ndalama za msika wa kwawo amazigawa motere: theka matimu onse 20 amagawana mofanana, kota imatsata malo omwe timu yathera pa ligi, ndipo kota yotsalayo imatsata kuchuluka kwa magemu a timuyo omwe aonetsedwa. Kagawidwe kameneka tikakumbukire, chifukwa tikabwererako pokamba za mpira wathu.

Nanga kuonetsa mwachindunji kwa ochemerera kukusiyana pati ndi zomwe tili nazo kale?

Anthu amasakaniza zinthu zitatu zomwe zimangofanana chifukwa zonse zimadzera pa intaneti. Choyamba ndi kampani ya kanema yomweyo kukupatsani magemu pa foni m'malo mwa dishi, monga momwe Showmax idachitira mu 2024 poyambitsa phukusi la Premier League la pa foni pokha. Apa mkhalapakati ndi yemwe uja, wangosintha njira. Chachiwiri ndi makampani a pa intaneti kulowa pa okushoni n'kugula ufulu: Amazon idaonetsa magemu 20 a Premier League pa sizoni ku Britain kuyambira mu 2019 mpaka mu 2025, Apple idatenga ligi ya ku America ya MLS mu 2023 pa mgwirizano womwe udalengezedwa kuti ndi wa zaka khumi ndi madola 2.5 biliyoni, DAZN idaonetsa mpikisano wa FIFA wa makalabu mu 2025, ndipo Netflix idagula ufulu woonetsa ku America World Cup ya amayi ya 2027 ndi ya 2031. Apa wabwera mkhalapakati wina.

Chachitatu ndicho chenichenicho. Ligi kapena bungwe la mpira limajambula lokha magemu, n'kuwaika pa apu yake, inu n'kulipira kwa ilo kapena kuonera mwaulere pamodzi ndi zotsatsa malonda. FIFA idatsegula FIFA+ mu 2022, momwe mumaonetsedwa mwaulere magemu a m'maligi ang'onoang'ono a mayiko ambiri, ena mwa iwo a muno mu Africa. Ligi ya ku France idatsegula Ligue 1+ mu 2025. Premier League nayo idalengeza mu 2024 kuti kuyambira sizoni ya 2026/27 izijambula ndi kukonza yokha mapulogalamu ake opita kunja, ntchito yomwe kwa zaka pafupifupi 20 inkagwira ndi kampani ya IMG. Wokhala ndi makamera ndi situdiyo zakezake watsala pang'ono kukhala ndi sitolo yakeyake.

Chikuwakopa maligi n'chiyani, ngati makampani a kanema amawapatsa kale mabiliyoni?

Ligi ikagulitsa kudzera kwa mkhalapakati, sidziwa yemwe akuonera, komwe ali, timu yomwe amakonda, ngakhale mphindi yomwe wathimitsa kanema. Zonsezi amazidziwa ndi mkhalapakatiyo, ndipo masiku ano kudziwa zimenezi ndi chuma, chifukwa ndi komwe kumatsegula malonda a jeze, matikiti ndi zotsatsa. Chachiwiri, ligi yokhala ndi apu yake imalowa pa okushoni ndi chibonga m'manja, chifukwa ikhoza kuuza ogula kuti akapereka mtengo wochepa iwonetsa yokha.

Koma yemwe adalowamo ndi miyendo yonse adalowamo mokakamizika, ndipo nkhani ya ku France ndi yofunika kuimva bwino. Mu 2018 kampani ya Mediapro idalonjeza mayuro pafupifupi 800 miliyoni pa sizoni kuyambira mu 2020. Matimu adayamba kukonza bajeti potengera ndalama zomwe anali asadazigwire, koma patangotha miyezi yochepa Mediapro idasiya kulipira ndipo mgwirizanowo udatha mu Disembala 2020. Amazon idatola magemu ambiriwo mu 2021 pa mayuro 250 miliyoni okha pa sizoni. Mu 2024 idabwera DAZN ndi mayuro pafupifupi 400 miliyoni pa chaka, koma olembetsa adachepa, mkangano udabuka, ndipo mbali ziwirizo zidasiyana itangotha sizoni imodzi. Pamenepo ndi pomwe ligi idatsegula Ligue 1+ mu Ogasiti 2025 pa mayuro 14.99 pa mwezi, ndipo m'masabata ochepa olembetsa adaposa 1 miliyoni.

Ambiri adaomba m'manja, koma tiyeni tichite masamu a pulayimale. Anthu 1 miliyoni olipira mayuro 15 kwa miyezi 12 amabweretsa mayuro 180 miliyoni, tisadachotsepo msonkho, makamera, oulutsa, ndi gawo la makampani omwe amathandiza kugulitsa. Izi sizifika ngakhale theka la zomwe DAZN idalonjeza. Walira mvula walira matope: ligi yomwe yafuna kukhala mwini sitolo imasenzanso ngongole za sitolo, ndipo mwezi womwe olembetsa athawa palibe wina womulozera chala.

Kodi mkhalapakati akachoka, mpira udzatchipa kwa ife kuno?

Ili ndilo funso lomwe lili pamtima pa aliyense, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi, osati posachedwa. Mkhalapakati sachoka, amangosintha nkhope. Lero mumalipira kampani ya dikoda kamodzi pa mwezi, ndipo kaya muonere gemu imodzi kaya magemu 40, kaya muonere nokha kaya ndi mudzi wonse, setilaiti sikulipiritsani chowonjezera. Pa intaneti mumalipira kawiri. Mumalipira mwini magemu, kenaka mumalipira Airtel kapena TNM pa bandulo, ndipo bandulo imatha molingana ndi mphindi zomwe mwaonera. Ku Ulaya anthu ambiri ali ndi intaneti ya m'nyumba yopanda malire, choncho kwa iwo mtengo wachiwiriwu suoneka. Kwa munthu wothyola tiyi ku Lujeri kapena wogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza, mtengo wachiwiriwu ndi womwe ungakhale waukulu.

Pali nkhani inanso ya ndalama zakunja. Ufulu woonetsa mpira wa ku Ulaya umagulidwa m'madola, mapaundi kapena mayuro. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi iliyonse izi zikachitika, gemu yomweyo imafuna makwacha ambiri ngakhale mwini wake asadakweze kalikonse. Kampani yomwe ili ndi ofesi muno imalandira makwacha kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kudzionera yokha komwe ipeze madola. Apu ya ligi ya kunja kawirikawiri imafuna khadi ya kubanki yolipirira kunja, chinthu chomwe anthu ambiri akumudzi alibe, ndipo omwe ali nacho amadziwa malire omwe mabanki amaika ndalama zakunja zikasowa. Ligi yomwe ikufunadi kugulitsa mwachindunji kuno iyenera kuika mtengo wa kuno, kulandira ndalama za pa foni, ndiponso kugwirizana ndi makampani a foni kuti bandulo ilowe mu mtengo womwewo. Ikachita zonsezo, taonani, mkhalapakati uja wabwereranso, ulendo uno atavala malaya a kampani ya foni.

Gemu imodzi imadya bandulo yochuluka bwanji?

Gemu pamodzi ndi nthawi yopumulira imatenga pafupifupi maola awiri. Pa zithunzi zapakatikati, zokwanira pa foni, yembekezerani 1GB mpaka 2GB. Pa zithunzi zowala bwino za HD, zoyenera kanema wamkulu, zimatha kufika 5GB kapena 6GB. Mukatsitsa kwambiri kuwala kwa zithunzi mukhoza kutsika pansi pa 1GB, koma pamenepo mpira umaoneka ngati kachitsotso ndipo nambala ya pa jeze simuiwerenga. Munthu wotsata timu imodzi m'ligi ndi m'Champions League amaonera magemu asanu kapena kuposa pa mwezi, choncho awerengere yekha.

Mvula ikagwa dishi imadula. Kodi intaneti sithetsa vutoli?

Imathetsa lina n'kubweretsa lina. N'zoona kuti mafunde a setilaiti omwe madishi athu amagwira amafooka akakumana ndi mitambo yodzaza madzi, ndipo kuno kunsi kwa phiri, komwe mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, eni mavidiyo sho amadziwa phokoso lomwe limabuka zithunzi zikauma penate ili pafupi kumenyedwa. Netiweki ya foni sivutika kwambiri ndi mvula yotere. Koma ili ndi matenda akeake. Setilaiti imatumiza chithunzi chimodzi kwa anthu onse nthawi imodzi, ndipo kuchuluka kwa oonera sikuilemetsa, pomwe intaneti imatumizira munthu aliyense chithunzi chakechake. Anthu mazana angapo pa Limbuli akatsegula gemu imodzi ya Manchester United pa nsanja imodzi ya netiweki, aliyense amaona kachizindikiro kozungulira kaja. Phiri nalo limatchinga, moti midzi ina ya m'zigwa za ku Likhubula ndi ku Bondo munthu amachita kukwera pa chulu kuti uthenga upite.

Kuchedwa ndi vuto lina. Zithunzi za pa intaneti zimafika mochedwa ndi masekondi 30 kapena mphindi yathunthu poyerekeza ndi dishi, ndipo wailesi imafulumira kuposa zonsezi. Palibe chopweteka ngati kumva kunyumba yoyandikana nayo akukuwa chigoli, inu pa foni goloboyi akadaugwira mpira. Starlink, yomwe idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imathandiza komwe nsanja kulibe, koma zida zake ndi malipiro a pa mwezi n'zokwanira bizinesi osati banja wamba, ndipo nayo ndi setilaiti, mvula yamphamvu imaisokoneza. Magetsi akathima, monga zidalili miyezi yambiri namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dikoda ndi rauta zonse zimadalira sola kapena jenereta mofanana.

Kodi mavidiyo sho atha ntchito?

Sindikukhulupirira choncho, ndipo chifukwa chake ndi masamu omwe aja. Vidiyo sho ndi njira yotchipitsitsa yoonerera mpira yomwe tili nayo, chifukwa malipiro amodzi, kanema mmodzi ndi jenereta imodzi zimagawidwa pa mitu yambiri. Tiyerekeze kuti m'sho mwalowa anthu 60. Kuti anthu omwewo aonere gemuyo aliyense pa foni yake pafunika mafoni 60 amakono, mabandulo 60, mabatire 60 odzaza, ndi nsanja yotha kuwasenza onse. Komanso anthu sapita ku sho kukaona zithunzi zokha. Amapita kukanyozana, kukatsutsa woimbira, kukaseka wa Chelsea yemwe dzulo ankalankhula kwambiri. Foni sikupatsani zimenezo.

Chomwe chisinthe ndi chingwe cholowa kumbuyo kwa kanema. Mwini sho wa zaka zikubwerazi adzakhala ndi dishi ndi intaneti pamodzi, n'kumasintha malinga ndi komwe gemu ili. Koma pali msampha womwe ayenera kuudziwa. Malipiro a panyumba, kaya a dikoda kaya a apu, salola kuonetsa kwa gulu polipiritsa. DStv ili ndi maphukusi apadera a mabizinesi, ndipo nkhani za kuonetsa poyera ntchito za eni ake zimagwa pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira. Dikoda sidziwa kuti m'chipindamo muli anthu angati, koma apu imadziwa chida chomwe mwalumikiza, malo omwe muli ndi maola omwe mumaonera, ndipo kutseka akaunti ndi ntchito ya kamphindi. Phukusi la pa foni pokha, monga lija la Showmax, lidapangidwa dala kuti lisamaonetsedwe pa kanema wamkulu.

Zomwe zidachitika ndi DStv mu 2023 zikutiphunzitsa chiyani?

Mu Ogasiti 2023, kutsatira mkangano ndi MACRA, bungwe loyang'anira wailesi, kanema ndi mafoni, pa nkhani yokweza mitengo, kampani ya MultiChoice, mwini wake wa DStv, idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, ndipo idabwereranso mu Disembala chaka chomwecho khoti litagamula nkhaniyo. Chilengezocho chidabwera sizoni ya ku England ikuyamba kumene. Miyezi imeneyo idaonetsa poyera kuti ufulu woonetsa ligi yonse ukakhala m'manja mwa kampani imodzi, kampaniyo ikatseka chitseko dziko lonse limatsala panja.

Ena amati apu ya ligi ikadakhalapo vutoli silikadakhalapo. Mwina. Koma onani mbali inayo. MACRA idatha kukokerana ndi MultiChoice ku khoti chifukwa kampaniyo ili ndi nthambi ndi laisensi muno. Apu yomwe ilibe ofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe ikakweza mtengo kapena kukudulani pakati pa gemu, mukadandaula kwa yani? Dziwaninso kuti kuyambira mu Seputembala 2025 MultiChoice ili m'manja mwa Canal+ ya ku France, yomwe inali kale yamphamvu m'mayiko olankhula Chifalansa a mu Africa. Pomwe anthu akukamba za kutha kwa amkhalapakati, amkhalapakatiwo akuphatikizana n'kukula.

Bwanji magemu ena sapezeka pa dikoda yomwe ndalipira?

Chifukwa mpikisano uliwonse uli ndi mwini wake ndi okushoni yake. CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, idathetsa mu 2019 mgwirizano wake wa madola 1 biliyoni ndi kampani ya Lagardère, ndipo kwa kanthawi magemu ambiri a mu Africa adasowa pa kanema. Ufulu wa AFCON yomwe idachitikira ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024 udagulidwa, kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndi New World TV ya ku Togo, moti SuperSport idayamba yalengeza kuti siionetsa, n'kudzagwirizana kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uyambe. Ligi iliyonse ikatsegula apu yake, kumwazikana kotereku kudzakula: England kwina, Spain kwina, Champions League kwina, Flames kwina. Ofuna kuona Temwa Chawinga ku Kansas City Current ndi mkulu wake Tabitha ku Lyon akudziwa kale kuti magemu awo sapezeka pamalo amodzi. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga akakhala asanu?

Nanga malinki aulere aja amatumizirana pa WhatsApp ndi olakwika?

Ambiri mwa iwo ndi akuba, ndipo tisanamizane. Gemu yaulere yovomerezeka ilipo: DAZN idaonetsa mwaulere mpikisano wa makalabu wa 2025, FIFA+ ili ndi magemu aulere, ndipo ku Brazil tchanelo cha pa YouTube cha CazéTV chidapatsidwa ufulu woonetsa magemu onse 104 a World Cup ya 2026. Koma linki yomwe ikukupatsani Premier League mwaulere, yodzaza ndi zotsatsa za kubetcha ndi mabatani okuuzani kuti muike apu ina, ilibe chilolezo cha aliyense. Kupatula nkhani ya malamulo, chiopsezo chili pa foni yanu, yomwenso ndi chikwama chanu cha ndalama. Apu yosadziwika yomwe mwailola kuwerenga mauthenga anu ikhoza kuwerenganso a kubanki ndi a ndalama za pa foni. Ndipo bandulo imadyedwa chimodzimodzi, choncho ulerewo ndi wa dzina chabe. Ndinene kuti maligi nawo akudziwa kuti kuba kumachuluka komwe mtengo wovomerezeka uli patali ndi thumba la anthu, ndipo kutseka masamba, monga adatsekera Streameast mu 2025, sikuthetsa njala yomwe imawabala.

Kuno ku Muloza foni imagwira netiweki ya ku Mozambique. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Zili nako. Apu imazindikira dziko lomwe muli poona netiweki yomwe mwalumikizako, osati poona pomwe mwaima. Ngati ufulu wa gemuyo udagulitsidwa mosiyana pakati pa Malawi ndi Mozambique, mukhoza kuuzidwa kuti gemuyo sipezeka m'dera lanu muli khale pakhonde panu. Malire otere ali paliponse. Ku England komweko magemu a Loweruka 3 koloko masana saonetsedwa pa kanema pofuna kuteteza ndalama za pachipata za matimu ang'onoang'ono, moti munthu wa pa Limbuli amaonera 4 kapena 5 koloko madzulo gemu yomwe munthu wa ku Liverpool sangaione pa kanema kwawo mwalamulo.

Kodi mpira wathu wa Super League upindula chiyani?

Apa ndi pomwe ndikuona mwayi weniweni, woposa wa nkhani zonse za ku Ulaya. Premier League ili ndi ogula ambiri okanganirana, choncho kugulitsa yokha ndi nkhani yongosankha. Mpira wathu ulibe mzere wa ogula otere, ndipo matimu akhala akudalira ndalama za pachipata, mphoto za othandiza ligi ndi thumba la mwini timu. Kwa ligi yotere, intaneti sichotsa mkhalapakati, koma imatsegula msika womwe kunalibe. Mtengo wojambulira gemu watsika kwambiri, moti makamera awiri kapena atatu, kompyuta, intaneti yodalirika ndi woulutsa wodziwa ntchito akhoza kutulutsa gemu ya pa Mulanje Park yooneka bwino. FAM ili kale ndi Mpira TV. Oonera oyamba olipira alipo: Amalawi omwe ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Ireland ndi kwina, ena mwa iwo ochokera m'maboma athu ano a Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, omwe ali ndi intaneti yabwino ndi ndalama zakunja, ndipo amalakalaka kuona Maule ndi Manoma akukumana.

Anzathu oyandikana nawo asonyeza kuti mpira wa kwanu umagulika ukakonzedwa bwino. Ku South Africa, ligi ya PSL idasainirana ndi SuperSport mu 2007 mgwirizano wa marandi 1.6 biliyoni wa zaka zisanu, ndipo timu iliyonse imalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ku Tanzania, kampani ya Azam idasaina mu 2021 mgwirizano wa zaka khumi wa mashilingi 225.6 biliyoni. Onse awiriwa adadzera kwa kampani ya kanema, osati pa apu ya ligi, ndipo chimenechi n'chofunika kuchiona. Maganizo anga ndi akuti ife tiphatikize: kanema ndi wailesi za muno kwa anthu a muno, apu yolipira kwa omwe ali kunja.

Koma pali zinthu zitatu zomwe zikapanda kukonzedwa ndalamazo zidzangodutsa. Zilembedwe momveka kuti ufulu wa gemu ya ligi uli m'manja mwa yani pakati pa FAM, bungwe loyendetsa ligi la SULOM ndi timu yomwe ili pakhomo. Magemu agulitsidwe pamodzi osati timu iliyonse payokha, chifukwa timu iliyonse ikamagulitsa yake, Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers zidzatenga gawo lalikulu kwambiri, monga momwe Real Madrid ndi Barcelona zinkachitira ku Spain lamulo la 2015 lisadakakamize ligi kugulitsa pamodzi. Apa ndi pomwe kagawidwe ka ku England kaja kakutithandiza, popeza timu yaing'ono yakumudzi imakhala ndi gawo lake lotsimikizika ngakhale isaonetsedwe kawirikawiri. Chachitatu, ndandanda ya magemu isamasinthe mwadzidzidzi, chifukwa palibe yemwe angalipiriretu gemu yomwe tsiku lake ndi bwalo lake zimadziwika Lachinayi.

Gemu ikamaonetsedwa pa foni, anthu sasiya kubwera ku bwalo?

Mantha amenewa ndi akale, ndipo ndi omwe adabala lamulo la 3 koloko ku England. Kwa timu yomwe chakudya chake ndi chipata, si mantha opanda pake. Koma gemu ya pa Mulanje Park munthu wa pa Chitakale saionera pa foni bandulo ikudula mofanana ndi tikiti. Yemwe aionere pa foni ndi wa ku Thekerani, wa ku Karonga kapena wa ku Durban, yemwe sakadabwera n'komwe. Wailesi zakhala zikuulutsa mpira kwa zaka zambiri, kuyambira MBC mpaka mawailesi a m'madera monga Mzati, ndipo mabwalo sadaume chifukwa cha zimenezo. Chomwe chimathamangitsa anthu ku bwalo ndi zipolowe, matikiti achinyengo ndi mipando yosweka.

Ndili ndi sho yanga. Ndigulitse dishi ndigule rauta?

Musagulitse. Mpira womwe umadzaza sho yanu Loweruka ndi Lamulungu ukadali pa setilaiti, ndipo migwirizano yake imatenga zaka, sisintha ndi mphekesera za pa Facebook. Ngati muli ndi kandalama kapadera, yambani ndi magetsi, chifukwa batire ndi sola zokwanira magemu a Champions League omwe amatha cha m'ma 12 koloko usiku zidzakutumikirani pa njira iliyonse. Kanema wanu akafa, gulani wotha kulumikiza ku intaneti. Musadagule rauta, bwerekani ya mnzanu muiyese pamalo panu pomwepo Loweruka madzulo, nthawi yomwe msika wadzaza ndipo aliyense ali pa foni, osati Lachiwiri m'mawa netiweki ili pululu. Yesani makampani onse awiri, ndipo musalipire chaka chathunthu pa apu iliyonse musadafunse ngati imalola kuonetsa kwa gulu komanso ngati mpikisano womwe mukuufunawo udzakhala ukadali pomwepo sizoni yamawa.